Wakale Uja Akadali Pakhomo

Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike, Renske anadzuka ndi mantha ngati munthu wopita kukalemba mayeso. Anasintha juzi katatu. Pamene Tjeerd, chibwenzi chake, ankaliza belu la njinga pansi pa zenera, n'kuti iye akadali pagalasi.

"Tikupita kukatsetsereka pa ayezi, osati ku ukwati," Tjeerd anatero atamuona akutuluka.

"Iwe ukukatsetsereka. Ine ndikukagwa pamaso pa mayi ako."

"Ugwera m'manja mwanga."

"Amuna nonse mumatero kumayambiriro."

Anakwera njinga zawo n'kulowera pakati pa mzinda wa Leiden, mphepo ikuluma makutu. Chibwenzi chawo chinali chitatha miyezi isanu ndi iwiri, koma Renske anali asanaonanepo ndi mayi Hoekstra, mayi ake a Tjeerd. Bambo ake anamwalira mu Febuluwale, ndipo nthawi zonse Renske akafunsa, Tjeerd ankangoti, "Apatse nthawi, akadali pachisoni." Banjali linali ndi mwambo wake: Loweruka ngati limeneli, chaka ndi chaka, ankapita ku bwalo la ayezi limene amaliyandamitsa pamtsinje wa Nieuwe Rijn. Chaka chino chinali choyamba kupita popanda bambo. Tjeerd atamuuza kuti, "Tipite limodzi," Renske anadziwa kuti chitseko chatseguka, ndipo anatsimikiza mtima kulowamo bwinobwino.

*

Mayi Hoekstra anawapeza atafika kale, ataima chilili pafupi ndi mpanda. Anali mayi wamtali, wa imvi zodula mofupika. Anapsompsona mwana wawo katatu m'masaya, kenako anatambasulira Renske dzanja osavula golovesi.

"Ndinu Rianne uja."

"Renske, mayi."

"Renske. Mumatha kutsetsereka?"

"Kwathu ku Rotterdam tinkangoonera pa kanema."

"Ndaona."

Renske akumanga zingwe za nsapato zobwereka, anamva mayi aja akuseka. Kunali kuseka kwina, kochokera m'mimba. Atadzutsa mutu anaona mtsikana wa chipewa choyera akubwera pa ayezi ngati akuuluzika ndi mphepo. Anaima ndendende pampanda n'kukumbatira mayi Hoekstra.

"Amayi, mwavala sikafu yopyapyala ija? Ndinakuuzani chiyani?"

Renske sanafunikire kuuzidwa. Nkhope imeneyi anaiona kambirimbiri pa zithunzi zakale zimene ankazifufuza mobisa pafoni. Anali Floortje, amene anakhala pachibwenzi ndi Tjeerd zaka zisanu ndi zitatu. Anasiyana chaka chatha, komabe poti ndi namwino, anapitiriza kudwazika bambo Hoekstra mpaka tsiku lomaliza.

Tjeerd anafiira makutu. "Amayi, simunandiuze."

"Ndikuuze chiyani? Zaka zonsezi Floortje amabwera. Bambo ako akanakhala moyo akanamuthamangitsa?"

Floortje anabwera kwa Renske akumwetulira. Kukanakhala kumwetulira kwachinyengo, bwenzi zitakhala bwinoko, koma kunali kwa mtima wonse.

"Ndamva zambiri za iwe. Taima, wamanga molakwika, ukhoza kubinya mwendo."

Anagwada pamaso pake n'kumanganso zingwezo mwamphamvu. Renske anangoyang'ana pamwamba pa chipewa choyeracho.

Pa ayezi zinthu zinaipiratu. Miyendo yake inkapita uku ndi uko ngati yobwereka. Tjeerd anamugwira m'chiuno maulendo awiri ozungulira bwalo, akumulimbitsa mtima, mpaka mayi ake anaitana ali kumpanda.

"Tjeerd, mupatse mpando wokankha aphunzire yekha. Iwe ndi Floortje zungulirani kamodzi mmene bambo ako anakuphunzitsirani. Kamodzi kokha, ndione."

Tjeerd anayang'ana Renske. Renske anati, "Pita," akuyembekezera kuti akana. Anapita.

Renske anatsala atagwira mpando wapulasitiki pakati pa tiana, akuona awiriwo atapingasa manja, miyendo ikuponya pamodzi ngati ya munthu mmodzi. Sankayang'anizana n'komwe. Thupi la wina linkadziwiratu kumene mnzake akhotere. Anthu anawapatukira. Mayi Hoekstra ankapukuta misozi ndi nsonga ya sikafu. Kamodzi kaja kanasanduka katatu.

Renske anasiya mpandowo kuti aime yekha, aone ngati wina amucheukira. Anangoponda kawiri, n'kugwa chagada. Woyamba kufika anali Floortje.

"Wamenyetsa mutu? Tandiyang'ana. Zala ndi zingati izi?"

"Ndili bwino," Renske anatero, akuchotsa dzanja lake.

*

Atatha anakhala pa tebulo lathabwa pafupi ndi pogulitsa mandasi otentha owazidwa shuga. Floortje ndi amene anapita kukagula chokoleti chotentha. Anabwera ndi makapu anayi, n'kuika kutsogolo kwa Tjeerd kapu yopanda kirimu.

"Wako ndi uwu. Kirimu amakutsekula m'mimba."

Renske anakumbukira kuti mlungu wathawo anamugulira chokoleti chodzaza kirimu, ndipo Tjeerd anamwa chonse osanena kanthu.

Mayi Hoekstra anayamba kukamba za masiku a kuchipatala: mmene Floortje ankawameta ndevu amuna awo, mmene ankawabisira nsomba yamchere m'chikwama madokotala atawaletsa. Onse atatu ankaseka, misozi ili m'maso. Renske analibe poponya mawu. Ankangozunguza kapu yake.

"Inu Rianne, simukudya mandasi?"

"Dzina lake ndi Renske, amayi," Tjeerd anatero motsitsa mawu.

"Tsiku lachiwiri la Khirisimasi," mayi aja anapitiriza ngati sanamve, "Floortje, usaiwale msuzi wako wa adyo uja. Nyama siikoma popanda umene uja."

Apa Renske anaika kapu pansi. Anatembenukira kwa Floortje akumwetulira.

"Ndifunse nawo, Floortje. Poti mumadziwana mpaka za m'mimba, munasiyaniranji?"

Floortje anagwetsa maso. Tjeerd anatsekula pakamwa, koma amene anayankha ndi mayi ake.

"Funso limenelo, mwanawe, inenso ndimadzifunsa tsiku ndi tsiku."

Renske anaimirira, n'kuthokoza chifukwa cha chokoleti, n'kupita pamene anaimika njinga. Anamasula loko pang'onopang'ono, kupereka mpata woti munthu amutsatire. Atacheuka anaona Tjeerd ataimirira, koma mayi ake atamugwira mkono wa jekete. Anakwera njinga n'kumapita.

*

Atafika kunyumba anaimbira mkulu wake Marit, amene anakwatiwa ku Delft.

"Ndiye wanena zimenezo pamaso pa apongozi?" Marit anafunsa, akuyesetsa kubisa phwete.

"Si apongozi anga."

"Ndipo mmene wayambiramu sadzakhalanso. Nanga mtsikanayo ndi wokongola?"

"Ndi wabwino mtima. Ndi zimene zikundinyansa. Akanakhala wamwano bwenzi ndikudziwa pomugwira."

"Madzi saiwala khwawa, mng'ono wanga. Sindikuti akubwererana, koma usagone. Mwamunayo wati chiyani?"

Mwamunayo anali atatumiza mauthenga anayi. Woyamba: "Uli kuti?" Wachiwiri: "Sindinadziwe kuti abwera, ndikulumbira." Wachitatu: "Koma zimene unanena zija zinali zopweteka." Wachinayi ndi umene unamuyatsa moto: "Floortje walira."

"Walira," Renske anawerengera mkulu wake. "Ine ndagwa chagada pamaso pa Leiden yense, koma nkhani ndi yoti Floortje walira."

"Usayankhe uli wokwiya."

Sanayankhe. Koma pansi pa mauthenga a Tjeerd panali wina wa masiku atatu apitawo, wochokera kwa Wessel, mnzake wa ku yunivesite amene anamufunsirapo kawiri n'kukanidwa kawiri. Ankafunsa ngati angapite naye ku msika wa Khirisimasi. Renske anauyang'ana kanthawi uthengawo, kenako analemba: "Mawa 2 koloko. Ukandigulire vinyo wotentha."

*

Lamulungu Wessel anafika atameta, atavala jekete latsopano. Renske anasankha yekha poti akhale: pamalo oonekera, m'mbali mwa mtsinje, pamene aliyense wodutsa pa mlatho akanawaona. Wessel ankamusimbira za ulendo wake wa ku Norway. Renske ankaseka mokweza pamene panalibe choseketsa, maso ali pamlatho.

Vinyo atabwera anagundanitsa makapu awiriwo n'kujambula, dzanja lalikulu la Wessel likuoneka bwinobwino m'mbali. Anaika chithunzicho poti anzake onse aone, n'kulemba pansi pake kuti, "Ena amadziwa kusamala munthu." Kenako anagoneka foni patebulo chagada n'kumaiyang'ana.

Wessel anasiya nkhani ya ku Norway pakatikati.

"Wajambula dzanja langa, nkhope ayi."

"Kuwala kunali koipa."

"Renske, ndine wopusa pa nkhani ya iwe, koma si kwenikweni. Wayambana ndi Tjeerd, eti?"

Renske anafuna kukana, koma manyazi anamugwira.

"Pepa, Wessel."

"Ndinasita malaya," iye anatero, akuseka pang'ono mopanda chimwemwe. "Ine, kusita malaya." Anamaliza vinyo wake n'kuimirira. "Ukadzafuna kumwa ndi ine chifukwa cha ine, nambala uli nayo. Koma usadzandiitanenso kuti ndikhale chikwapu chokwapulira mwamuna wina."

Atangochoka, foni inawala. Anali Tjeerd: "Dzanja limenelo ndi la ndani?"

Renske anapeza chimene ankafuna, koma sichinakome mmene ankaganizira.

*

Anakumana Lolemba masana pamwamba pa chitunda cha Burcht, m'kati mwa linga lakale. Kunali kozizira moti kunalibe munthu wina. Tjeerd anafika manja ali m'thumba, osamupsompsona.

"Ndi Wessel, si choncho? Wotchi imeneyo ndimaidziwa."

"Ndiye zimapweteka, eti? Iwe waona dzanja lokha pachithunzi. Ine ndinaona thupi lonse, maulendo atatu kuzungulira bwalo."

"Unandiuza wekha kuti ndipite."

"Mkazi akati pita pamaso pa mayi ako, umaganiza kuti angatinso chiyani?"

Tjeerd anakankha kamwala ndi nsapato. "Unamupsompsona?"

"Ayi. Anandisiya patebulo atazindikira kuti ndikumugwiritsa ntchito. Iye ali ndi msana, amatha kuimirira n'kuchoka."

Mawuwo anamulasa. Tjeerd anayang'ana madenga a nyumba ndi nsanja za matchalitchi.

"Ukudziwa chimene ndinasiyanirana ndi Floortje?" anatero kenako. "Tinasanduka munthu ndi mlongo wake. Panalibe ndewu, panalibenso moto. Ndinkabwera kunyumba n'kumupeza akuluka ndi amayi, ndipo palibe amene ankadzutsa mutu. Amayi sanataye mpongozi, anataya mwana wamkazi amene sanaberekepo. Kenako anataya bambo. Ndikawaona akuseka ndi Floortje, pakamwa panga pamauma. Ndiwalande ndi chimenechonso?"

"Sindikuti uwalande. Aziyenderana, azilukira limodzi mpaka ulusi uthe mu Leiden muno. Koma ine sindingakhale mlendo pa tebulo limene iye ndi mwini nyumba. Ndiuze lero ngati malo anga alipo. Ngati palibe, ndipite ku Delft ndikadye ndi Marit masiku onse awiri."

"Alipo."

"Kirimu uja bwanji sunandiuze?"

Tjeerd anamuyang'ana modabwa, kenako anaseka. "Unagula ndi chimwemwe. Ndinadwala tsiku lonse."

"Chitsiru."

"Chako."

Anamukoka n'kumulowetsa m'jekete lake. Renske anakana pang'ono, mwamwambo chabe, kenako anatsamira pachifuwa pake.

"Ndilankhula nawo lero lomwe," Tjeerd anatero. "Lachinayi, tsiku lachiwiri la Khirisimasi lija, tikhala atatu: iwe, ine ndi amayi. Akakana, nanenso sindipita. Koma chithunzi chija uchotse."

Renske anachichotsa iye akuona. Madzulo omwewo uthenga unabwera: "Ndawauza. Analira, koma avomera. Ati ubweretse chotsekemera chodyera pomaliza."

*

Tsiku la Khirisimasi Renske anali ku Delft kwa mkulu wake, ndipo anathera masana onse kukhitchini akuphika keke ya maapozi. Yoyamba inapserera. Yachiwiri Marit anailawa m'mbali n'kunena kuti ikhoza kufewetsa ngakhale mwala. Tjeerd, amene anali kwa mayi ake, analemba kamodzi kokha tsiku lonse: "Kuno kwatanganidwa, tionana mawa." Renske sanaganize zambiri.

Lachinayi cha m'ma 1 koloko Tjeerd anadzamutenga kunyumba kwake. Anali ndi chikwama chachikulu kumsana ndipo maso ake anali ofiira ngati sanagone.

"Mphatso zonsezo?" Renske anafunsa, akumangirira keke kumbuyo kwa njinga. "Ine ndangowagulira sikafu yokhuthala."

"Aikonda," Tjeerd anatero. Kenako anati, "Renske, pali kanthu kena."

"Ngati ndi za dzina, ndakonzeka. Lero andiitane Rianne, andiitane Ria, ndiyankha."

Tjeerd anangokwera njinga.

Nyumba ya mayi Hoekstra inali yopyapyala, yansanjika zitatu, nyenyezi yapepala ikuwala pazenera. Tjeerd akufufuza makiyi m'thumba, chitseko chinatseguka. Anatsekula ndi Floortje, atavala epuloni ndi masilipasi.

"Mwafika. Lowani msanga, kutentha kukuthawa." Anayang'ana Renske, kenako Tjeerd, ndipo kumwetulira kuja kunazilala. "Sunamuuze?"

Renske analowa atanyamula keke yake. M'khonde munali sutikesi yapinki yotsamira masitepe. Pabalaza tebulo linali litayalidwa kale, tiziwaya ting'onoting'ono towotchera nyama titandandalikidwa, mbale zinayi. Pampando waukulu panali mayi Hoekstra, mwendo wakumanja uli m'chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pabondo, utasanjikidwa papilo.

"Ndinaterereka pamasitepe dzulo m'mawa ndikutsika ndi mbale," anatero. "Fupa lathyoka pawiri. Masabata asanu ndi limodzi osaponda pansi."

"Pepani kwambiri, mayi," Renske anatero, ndipo ananena zochokera mumtima. "Sindinadziwe. Ndikanabwera dzulo lomwelo."

"Palibe kanthu, Renske." Ulendo uno dzina analitchula bwino, momveka chilembo chilichonse. "Mulungu ndi wabwino, tili ndi namwino m'banja muno. Floortje watenga tchuthi, azigona m'chipinda chapamwamba mpaka ndichire."

"Ndinakana poyamba," Floortje anatero ali pakhomo la khitchini. "Ndinawauza kuti tipeze munthu wina. Sanafune kuti mlendo aziwasambitsa."

Renske anaika keke patebulo mosamala. Anadziuza kuti mwendo wothyoka si chiwembu. Anavula jekete.

"Nanenso ndizibwera ndikaweruka. Ndizikagula zinthu, ndizichapa."

"Mwakoma mtima, koma manja akwana," mayi aja anayankha. "Chovuta chinali chondinyamula pamasitepewo m'mawa ndi madzulo, poti bafa lili pamwamba ndipo Floortje yekha sangathe. Koma zimenezo zatheka. Tjeerd, kaike katundu wako m'chipinda chako chakale. Floortje wakuyalira kale."

Renske anatembenuka. Tjeerd anali akadali m'khonde, chikwama chija chili m'manja. Zipi inali itatseguka pang'ono, ndipo panatulukira mkono wa juzi yake yogonera ndi mswachi. Munalibe mphatso.

"Masabata asanu ndi limodzi," Renske anatero motsitsa. "Chipinda chako chakale chili pati?"

Tjeerd anayang'ana pansi.

"Pamwamba," mayi Hoekstra anamuyankhira, akukonza pilo. "Choyang'anizana ndi cha Floortje. Khalani pansi, Renske, tiziwayati tatentha."